Buleki ya Kumbuyo pa Njinga ya Alamu

Njinga yamoto ija sidali yanga, ndipo sindidaisirirepo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa alipo anthu kwathu kuno, mbali ya Msakambewa, amene mpaka lero amati inkandiwawa m'maso. Idali ya alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, amene adachokera ku Malomo kudzakhala chikamwini pamudzi pathu. Ankagula anyezi ndi mbatatesi m'madimba mwa anthu n'kumakagulitsa ku boma la Ntchisi, ndipo njingayo ndiyo idali khasu lawo. Inkagona kwanga, chifukwa nyumba yanga yokha ndiyo idali ndi kachipinda kosungiramo makasu ndi mbewu kokhala ndi chitseko chenicheni. Masipanala nawonso adali anga, otsala pa nthawi imene ndinkagwira ntchito pachigayo. Tcheni chikakhwepa, kaya tayala likaphwa, ankaitana ine.

Chidandipachika ndi pakamwa pangapa. Pamene alamuwa ankafunsira mlongo wanga, ine monga mwinimbumba ndidakana poyera. Ndidanena pamaso pa ankhoswe kuti munthu wongoyendayenda ndi malonda sadzamanga nkhokwe, ndipo ndidawonjezera zina zimene sindingazibwereze pano. Ndidagonja, ukwati udachitika, ana adabadwa, ndipo kunena zoona munthuyo adandisowetsa chonena ndi khama lake. Tidafika podyera mbale imodzi, kumanyozana za mpira ngati anyamata. Ine ndidaiwala zimene ndidalankhula zija, koma mudzi udandisungira bwinobwino.

Amayi athu ndiye ankawakonda akamwini awowo, ngakhale awiriwa sadalankhulanepo maso ndi maso. Amayi adali anthu akale, ankasunga mwambo wopewana ndi mkamwini mpaka kutitopetsa. Akamva njinga ikulira pamsewu ankalowa m'nyumba. Akakumana panjira ankapatukira m'chimanga, olo chili ndi mame. Moni ankatumiza kudzera mwa mlongo wanga, nkhuku yowaphera ankatumizanso momwemo. Kutchalitchi ndiwo ankatsogolera amayi anzawo pa mapemphero a Lachinayi, yunifolomu yawo yoyera mbee, yosita ndi makala.

Buleki idayamba kuvuta mvula itangosiya, misewu ikadali ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Kwathu kuno kulibe njira yopanda mtsetse. Ukachoka pakhomo, kaya ukupita kuti, pali phiri loti utsike, ndipo munthu amene wamanga matumba kumbuyo sangadalire buleki ya kutsogolo yokha. Ukaifinya pa timiyala, tayala limatsetsereka n'kukugwetsa. Tsiku lina alamu adabwerako nkhope itagwa. Adati pa mtsetse wopita ku kamlatho ka matabwa adaponda buleki mpaka phazi kufika pansi, njinga n'kumangopita ngati sakuiuza kanthu. Adaimitsa ndi magiya ndi nsapato zawo.

Ndidaseka. Ndidawauza kuti vuto ndi dyera, njinga yopangidwira anthu awiri iwo aisandutsa ngolo. Kenako ndidagwada n'kuyang'ana. Chopondera chinkatsikadi kwambiri, ndiye ndidamanga nati ya kumapeto kwa kachitsulo kamene kamakoka buleki, ndidaimika njinga pa sitandi, kuzunguza tayala, kuponda, tayala n'kuima. Ndidati matenda atha, ndipo ndidawalamula kuti pochokera ku boma andigulire sikono.

Sikono idabwera, koma pamodzi ndi dandaulo lomwelo. Tayala lopanda katundu linkaima, koma pa mtsetse ndi matumba silinkamva. Pamenepo ndidachotsa tayala lonse n'kutsegula dilamu, kam'phika kachitsulo ka pakati pa tayala momwe buleki imakhalamo. M'katimo mumakhala mashuu, tizitsulo tiwiri topindika timene timatambasuka n'kugwira m'mbali mwa dilamu ukaponda. Timayenera kukhala touma ndi tokhakhala. Ndidatipeza tikunyezimira, tonyowa ndi chinthu chakuda chomata. Ndidati ndi girisi wothawa mu beling'i, kamkombero ka timipira tachitsulo kamene tayala limazungulirapo. Ndidatsuka ndi petulo, kukwecha ndi sandipepa, kupukuta dilamu mpaka nsanza kutuluka yoyera, n'kumanganso. Alamu adakayesa pa mtsetse wa kuseri kwa sukulu ndipo adabwerako akumwetulira.

Sipadapite masiku ambiri, zidabwereranso. Ndidayamba kukaikira chilichonse. Ndidakaikira oilo wakuda amene alamu ankathira pa tcheni mopanda manyazi, ngati akuthira mafuta m'ndiwo za alendo. Koma tcheni chili kumanzere, buleki kumanja, ndipo pakati pake padali fumbi louma lokhalokha. Ndidakaikira phazi lawo, kuti mwina amayenda ataponderatu buleki mpaka kuipsereza, koma buleki yopserera siinyowa. Ndidakaikira wa shopu ku Malomo kumene adagula mashuuwo, poti masiku ano amagulitsa zabodza zopaka utoto. Alamu adagula mashuu ena ku boma, ndi mabeling'i atsopano, ndipo ndidawamanga ndekha iwo ali chilili pambali panga. Ndidawaonetsa kuti beling'i yakale ija idali yotsekeka bwino, sinkadontha. Onse awiri tidaiyang'ana beling'iyo nthawi yaitali.

Ulendo umene udandiphera dzina, mlongo wanga adakwera nawo. Kawirikawiri ankapita kukathandiza kugulitsa, atakhala pamwamba pa thumba, chitenje atapinda m'miyendo. Pa mtsetse womwe uja wa kukamlatho buleki idakananso. Alamu adaona kuti akafika pamatabwa ali pa liwiro limenelo agwera mumtsinje, ndiye adaikhotetsera dala m'tchire. Iwo adangosupuka m'maondo. Mlongo wanga adaponyedwa pa mwala n'kuthyoka mkono. Adam'tengera kuchipatala cha ku boma pa galimoto ya munthu wodutsa, ndipo adabwerako ndi chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono.

Njinga ija alamu adaipereka kwa makaniko wina wa ku boma komweko, osandiuza. Ndidamva pambuyo pake, kwa anthu amene adali pomwepo, kuti makanikoyo atatsegula dilamu adapukusa mutu n'kunena kuti mafuta amenewa salowa okha, alipo amene akuthira. Akuti adafunsanso kuti njingayi imagona kuti, ndipo amaigwiragwira ndani. Sindimuda munthuyo, adanena zimene adaona. Koma mafunso ake adafika pamudzi pathu alamu asadafike n'komwe.

Palibe adandiloza chala, ndipo chimenecho ndicho chidandipweteka kwambiri. Akadandinena ndikadalalata, tikadatukwanana, zikadatha. Koma alamu adangoyamba kundipatsa ulemu. Munthu amene ankanditcha mphunzitsi wa timu yolephera adayamba kundipatsa moni atavula chipewa, manja onse awiri. Njinga sadaichotse kwanga, chifukwa mkamwini kuchotsa katundu m'nyumba ya mwinimbumba ndiye kuti wanena zonse. Ankaibweretsabe madzulo, kuilowetsa, kuiyang'ana, n'kutuluka chammbuyo. M'mawa ankaiyesa buleki pabwalo panga pomwepo, kuponda, kupondanso, ine ndili pakhonde ndi kapu yanga ya tiyi. Ana awo, amene ankadya kwanga koposa kwawo, adasiya kubwera. Kuchitsime amayi ena ankadula nkhani mkazi wanga akafika.

Ndidapita kwa mlongo wanga. Ndidam'peza akuyesa kusenda nthochi ndi dzanja limodzi. Uyu ndi mwana amene ndidam'bereka kumbuyo popita naye kusukulu ya mishoni, mitsinje itadzaza. Ndidamuuza kuti si ine.

"Sindidanene kuti ndinu, alongo," adatero, maso ali pa nthochi.

Ndidatuluka mutu ukutentha. Masiku omwewo ndidamva kuti alamu atumiza mawu kwa ankhoswe awo ku Malomo kuti adzapemphe chitengwa, atenge mlongo wanga ndi ana akakhale kwawo. Chitengwa pachokha si mlandu, anthu amapempha ndipo timalola. Koma ichi chidali kuthawa, ndipo aliyense ankadziwa amene akuthawidwa. Ndidaona kuti ngati sindipeza wothira mafutawo ankhoswe asadabwere, mlongo wanga achoka pamudzi pano akukhulupirira kuti ndidafuna kupha mwamuna wake, ndipo ana ake akula akudziwa kuti malume awo ndi munthu wotero.

Tsiku limene alamu adaperekeza mkazi wawo kuchipatala pa minibasi, ndidatsegulanso dilamu ija ndili ndekha. Makaniko wa ku boma adali ataitsuka, koma mafuta adali atayambanso. Ulendo uno sindidathamangire petulo. Ndidapala pang'ono ndi chala n'kutikita. Oilo wa injini amaterera ngati madzi, girisi amakhala phala, koma ichi chinkakoka ulusi pakati pa zala, ndipo mudali timibulu takuda tokhala ngati makala osinja. Ndidapaka pa kachitsulo, kuika pa mbaula, n'kununkhiza. Adali mafuta a nsatsi. Fungo limenelo wobadwira kumudzi saliphonya. Ndi timakala tija, sindidafunike wondiuza kuti awa ndi mankhwala.

Sindidauze munthu. Ndikadanena kuti m'buleki muli mankhwala, pa njinga yogona m'nyumba mwanga, ndikadangodziwonjezera dzina la ufiti pamwamba pa linalo. Ndidayamba kuwerenga anthu m'mutu. Ndidaganizira mwamuna wina wa kutsidya amene nayenso ankagula anyezi m'madimba omwewo. Ndidaganizira mkazi wanga, chifukwa adakanganapo ndi mlongo wanga pa nkhani ya nkhuku zodya ufa, ndipo kwa masiku angapo ndinkamuyang'ana m'manja akamandipatsa madzi. Iyenso, ndidadziwa bwino, ankandiyang'ana ine. Ndidafika poganizira alamu eni ake, kuti mwina akudzithirira okha kuti apeze chifukwa chotengera mlongo wanga, popeza ankadziwa kuti chitengwa chabwinobwino sindikadalola msanga. Maganizo amenewa ndidawakonda kwambiri, moti ndidagona nawo masiku angapo, mpaka nditakumbukira kuti munthu sadziponya yekha pa mtsetse uja ndi mkazi wake kumbuyo.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindidabadwe nako. Ndidachita zimene timachita tikafuna kudziwa chimene chikudya nkhuku m'khola. Masiku amene si amsika njinga inkaswera m'kachipinda muja, ndipo chitseko masana sitinkakhoma chifukwa cha makasu. Ndidasefa phulusa n'kuwaza pang'onopang'ono pansi kuzungulira njinga, mumdima muja losaoneka bwino, n'kupita kudimba ngati masiku onse. Pobwera masana ndinkatsegula chitseko chonse kuti kuwala kulowe. Tsiku loyamba ndidapeza mapazi a nkhuku. Lachiwiri, khoswe. Ndidadzitukwana kuti bambo wamkulu ndikusewera ndi phulusa.

Tsiku loti mawa lake ndi msika ndidapeza mapazi a munthu. Adali opanda nsapato, aang'ono, ndipo chala chachikulu cha kumanja chidali chopatukira kumbali. Phazi limenelo ndidalitsatira kumunda ubwana wanga wonse. Ndidadziuza kuti amayi adabwera kudzatenga khasu, paja lawo linkagonanso momwemo, ndipo mayi akalowa m'nyumba ya mwana wake palibe amam'werengera ngati mlendo. Koma makasu adali pafupi ndi khomo. Mapaziwo adapitirira makasu, kuzungulira kuseri kwa njinga, ndipo pambali pa tayala la kumbuyo, mbali ya buleki, padali timaenje tiwiri ta maondo.

Ndidawapeza pakhonde pawo akusankha nyemba m'lichero. Sindidakhale n'komwe pansi. Ndidawafunsa chimene ankafuna m'kachipinda. Adati khasu. Ndidawafunsa ngati masiku ano khasu amatenga atagwada. Adandiyang'ana, ndipo ndidaona nkhope ya amayi anga ikusintha ngati ya mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Adaika lichero pansi, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo kokulunga m'kansalu. Adandiuza kuti ndikhale pansi, anthu angatione.

Nkhani yake idatuluka pang'onopang'ono. M'dzinja lija kudachitika maliro m'mudzi woyandikana nawo, a mtsikana amene adagwa pa njinga ya kabaza. Amayi adali m'gulu la amene adasambitsa thupi. Adati chibwerere kumeneko tulo sadatione, akangotseka maso ankaona mwana wawo atakhala pamwamba pa thumba akutsika phiri. Ankafuna kuwauza akamwini kuti aziyenda pang'ono, asamam'kweze pa katundu, koma akadawauza bwanji? Kutumiza mawu otero kudzera mwa mkazi wawo kukadamveka ngati akuwanyoza kayendetsedwe. Adapemphera, mtima osakhazikika. Kenako mayi wina wa pa esiteti ya fodya, wochokera kutali, adawauza kuti kwawo njinga amazitsirika, ndipo adawapatsa kabotoloko. Amayi adapita kukatenga atanena kuti akukazonda wodwala. Lamulo lake lidali loti azipaka pamalo obisika, posafika mvula, ulendo usadachitike. Adafufuza ndi chala mpaka adapeza kampata kopyapyala pakati pa dilamu ndi chivindikiro chake, ndipo ankadonthezera m'menemo ndi nthenga ya nkhuku.

Ndidawafunsa chifukwa chake adasankha kumbuyo.

"Kumbuyo ndiko kumakhala mwana wanga," adatero.

Ndidawauza mwaukali kuti mafuta awowo ndiwo akupha buleki. Adakana, ndipo adakana ndi mtima wonse. Adati ndiwerenge ndekha maulendo amene njinga ija yafuna kupha anthu, koma onse adabwerako amoyo. Pakadapanda mankhwalawo bwenzi tikulira maliro. Adati atamva za ulendo woyamba uja adadziwa kuti pali woipa amene akuilondalonda njingayo, ndiye adawonjezera. Mwana atathyoka mkono adawonjezeranso kwambiri. Ndidawafunsa ngati sadamve zimene adanena makaniko, zoti wina akuthira mafuta. Adati adamva, ndipo zidawaopsa, koma makaniko ankanena za oilo, pomwe awo ndi mankhwala. Adali akudikira kuti woipayo aoneke. Ndidafuna kuwafunsa ngati nawonso ankaganizira ine, koma ndidaopa yankho.

Ndidatenga khasu limene lidali pakhonde, kutsanulira mafuta aja pa mpini, n'kuwauza kuti agwire ndi mphamvu zawo zonse asandilole kulanda. Amayi adali ndi manja olimba, adalima moyo wawo wonse. Ndidakoka pang'ono chabe, mpini udapulumuka. Ndidati agwirenso, udapulumukanso. Ndidawauza kuti m'kati mwa tayala muja muli manja awiri achitsulo amene ntchito yawo ndi kugwira chonchi, ndipo iwo akhala akuwapaka mafuta. Adayang'ana zikhato zawo zonyezimirazo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mkono wa mwana uja ndathyola ndine," adatero motsitsa.

Sindidawatonthoze, ndidali ndi ukali. Ndidatenga kabotolo kaja n'kukakaponya m'chimbudzi, ndipo ndidabwerera n'kuwauza kuti tipite pompano kwa mlongo wanga akamve yekha. Amayi adandigwira mwendo. Mayi wondibereka, kundigwira mwendo pakhonde masana! Adati ndiganize. Akulu a mpingo adali atangodula kumene mumpingo bambo wina chifukwa chopita kwa sing'anga, ndipo amayiwo adali m'gulu lokam'dzudzula. Zikamveka avula yunifolomu pamaso pa amayi amene akhala akuwaphunzitsa. Bambo awo a akamwini ndi mkulu wa mpingo ku Malomo, nkhani ikafika kumeneko mwana wawo adzatchedwa mwana wa mayi wa zithumwa. Koma chachikulu chidali mlongo wanga yemweyo. Adati angamuyang'ane bwanji, iye ali ndi chikhakha.

"Ndinena ndekha, mwananga. Ingondipatsani nthawi ndipeze poyambira."

Ndidawapatsa. Ndidatsuka dilamu ija komaliza, kumanga bwino, ndipo buleki idayamba kugwira ngati yatsopano. Ndinkaganiza kuti zimenezi zindithandiza. Koma ndidamva kuti anthu akuti ndasiya chifukwa ndadziwa kuti akundiona.

Ankhoswe adabwera Loweruka lina m'mawa, amuna awiri aulemu atavala majekete. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango. Za buleki sadazitchule. Adati ku Malomo kuli munda umene ukusowa wolima, makolo akalamba, ndipo malonda a mwana wawo angayende bwino ali pafupi ndi msewu. Adayamika mmene tidam'sungira. Mawu onse adali osalala, ndipo aliyense pabwalo paja ankamva chimene chili pansi pake. Mlongo wanga adakhala pamphasa ndi amayi ena, mkono uli pachifuwa. Amayi adakhala patali, pafupi ndi nkhokwe, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo popeza akamwini adalipo. Nthawi yoti mwinimbumba ayankhe itakwana ndidachedwa dala. Ndidakhosomola, ndidakonza chipewa, ndidayang'ana kunkhokwe kuja. Ndinkangoona msana wawo ndi mpango.

Ndikadatha kunena, ndipo mawu adafika pakhosi. Koma kunena kukadakhala kuwavula amayi anga pamaso pa mkamwini wawo ndi alendo. Ndiponso ndani akadandikhulupirira? Munthu woganiziridwa, woti mudzi wonse ukudziwa pakamwa pake, kudzuka n'kuloza mayi wake wa mapemphero, umboni ali atauponya yekha m'chimbudzi. Pakamwa pamene padandipalamulira zonsezi, tsiku limenelo padauma. Ndidati tamva, ndipo talola, akayende bwino.

Masiku otsalawo ndidawakakamiza amayi. Adati adikire Mgonero upite kaye. Mgonero utapita adati mwana achotse kaye chikhakha. Chikhakha chitachoka adati asam'sokoneze pamene akulongedza. Sindikunena kuti sankavutika. Adaonda, ndipo kutchalitchi ankaimba maso ali pansi. Ankandiphikira mbatata n'kumanditumizira ngati ndine wodwala, ine n'kumazibweza. Ndidawakwiyira, ndipo ndikunena mosabisa kuti mbali ina ya mtima wanga idakali yokwiya, ngakhale tsopano adagona. Adapita osanena, ndipo lero nditati ndinene, anthu angati ndapeza wakufa womusenzetsa mlandu.

Tsiku losamuka katundu adapita pa ngolo mpaka kumsewu. Alamu adabwera kudzatulutsa njinga m'kachipinda, adandithokoza chifukwa choisunga, n'kundipatsa moni wa manja awiri uja. Ana adandibayibitsa ali kumbuyo kwa mayi wawo. Amayi sadatuluke, poti akamwini adali pabwalo.

Mlongo wanga adabwera kudzationa chaka chotsatira, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Alamu adam'tsitsira pamsewu, iye n'kumalizitsa wapansi. Adafikira kwa amayi, ndipo ine nditamva ndidapita ndi nkhuku m'manja ngati mlendo ndine. Ndidawapeza atakhala pamphasa akuswa mtedza. Mlongo wanga adali atanenepa, mkono udali utachira, kungoti sunkawongoka bwino. Tidapatsana moni wautali. Ndidafunsa za ana, za munda, za makolo a kumeneko, ndipo adayankha zonse bwinobwino, monga mmene umayankhira munthu amene wakhala naye pafupi m'minibasi. Mafunso atandithera ndidafunsa za malonda a alamu, ngati njinga ikuyendabe.

Adasiya kuswa mtedza n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chithyokere mkono.

"Ikuyenda, alongo. Chichokereni kuno, buleki ija siidavutenso ngakhale tsiku limodzi."

Ndidatembenukira kwa amayi, ndipo ndidadikira. Tidalipo atatu okha, padalibe mkamwini, padalibe nkhoswe, padalibe wa mpingo. Manja awo adaima pa lichero, ndipo ndidaona milomo ikugwedezeka.

"Tiyamike Ambuye," adatero amayi.

Mlongo wanga adavomera kuti ameni, maso ake akadali pa ine.